ERIC CAMPBELL, CIMPHONA CIMENE CINAOPSA MLENDO WOPANDA NDALAMA

Amene anaona tauni ya Kafue m'zaka za m'ma 1970 amakumbukira khamu la anthu limene linali kuimirira m'mamawa pa zipata za mafakitale. Fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia inali kulemba anthu nchito, ndipo ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inali itangotsegulidwa mu 1970. Mbiri ya nchitozo inafika ku Petauke, ku Katete ndi ku Chadiza, kotero kuti anyamata ambiri anagulitsa mbuzi ndi nkhuku kuti apeze ya basi. Amwai analembedwa nchito napatsidwa nyumba ku Kafue Estates. Ena anagona kwa acibale m'makomboni sabata ndi sabata, mangwee akutha m'thumba.

Munthu wotere amadziwa mantha ena amene wokhala kumudzi sawadziwa. Kumudzi mlendo akafika amamtungira madzi, namuikira nsima osamfunsa kanthu. M'tauni mbale iriyonse iri ndi mtengo wake, ndipo pafupi pamaimirira munthu amene nchito yake ndi kuona kuti mtengowo walipidwa. Tsono kudya mbale ya nyemba mpaka kuinyambita, kenaka n'kupisa m'thumba n'kupeza kuti ndalama yagwa, limenelo ndi tsoka losaiwalika.

Mantha amenewa anajambulidwa m'kanema kale kwambiri, mu 1917, ku America. Kanemayo ndi wanthabwala, dzina lake The Immigrant, ndiko kunena munthu wosamukira m'dziko la eni. Mwini kanemayo, amenenso anasewera mlendo wosaukayo, ndi Charlie Chaplin, munthu wodziwika dziko lonse. Koma munthu woimirira pambali pa thebulo kudikira ndalama, amene maso ake okha anali kutha mlendoyo mphamvu m'maondo, dzina lake ambiri salidziwa. Iye ndiye Eric Campbell.

Alfred Eric Campbell anabadwira ku Sale, kufupi ndi mzinda wa Manchester ku England, ca m'ma 1880. Manchester masiku amenewo unali mzinda wa mafakitale a nsalu, ndipo atate ake anali amalonda a thonje. Mwanayo sanatsate malondawo. Analowa masewero akali wamng'ono, nayendayenda m'matauni ang'onoang'ono kusewera pamaso pa anthu. Mu 1901 anakwatira Fanny Robotham, mkazi wa masewero ngati iye, ndipo anabereka mwana mmodzi wamkazi dzina lake Una.

Campbell anali ndi mphatso ziwiri zosabisika: thupi ndi mau. Msinkhu wake unali pafupifupi mamita awiri, kulemera kwake kupitirira makilogalamu 130, ndipo anali woimba wa mau akuya. Izi zinakopa Fred Karno, mkulu wa gulu lochuka la anthabwala ku London. Gulu la Karno linali ngati sukulu. Kumeneko munthu anali kuphunzira kugwa osabvulala, kumenya mnzake mbama yomveka patali koma yosapweteka, ndi kuseketsa anthu popanda kutsegula pakamwa. Chaplin anakulira m'gulu lomwelo, cimodzimodzinso Stan Laurel, uja anadzachuka pamodzi ndi Oliver Hardy.

Mu 1914 Campbell anaoloka nyanja kunka ku New York kukafuna nchito yolipira bwino. Ici ncofunika kucisunga m'mutu: munthu amene anadzasewera ngati mwini dziko woopsa alendo, nayenso anali mlendo ku America, mchona wocokera kutsidya la nyanja.

Chaplin anali atafikako kale, ndipo pofika 1916 anali atachuka koposa. Caka cimeneco kampani ya Mutual inapangana naye kuti aipangire makanema afupiafupi 12, malipiro ake madola 670,000 pa caka, ndalama zimene anthu ambiri sanakhulupirire kuti munthu angalandire kaamba ka kuseketsa anzake. Chaplin anafunika gulu la anthu osewera naye. Anapeza Campbell akusewera ku New York m'sewero la nyimbo lochedwa Pom-Pom, namtenga kunka naye ku Los Angeles. Mwa makanema 12 aja, Campbell anaonekera mu 11. Umene anasowamo ndi One A.M., m'mene Chaplin amalimbana pafupifupi yekha ndi mipando ndi makwerero a m'nyumba ataledzera.

Pa nchito ya makanema pali anthu a mitundu iwiri. Pali mwini nkhani, amene dzina lake limalembedwa m'malemba akuluakulu pakhomo la sinema. Ndiye pali ena amene amapatsidwa khalidwe limodzi kuti alisenze m'kanema aliyense: wina nkhalamba yolongolola, wina wapolisi wopusa, wina mpongozi wobvuta. Anthu amawadziwa nkhope, maina osawadziwa. Mbali ya Campbell inali ya munthu wankhanza wodalira mphamvu. Anthu a nthano amadziwa bwino kufunika kwa mbali yotere. Nzeru za Kalulu zimaoneka pokhapokha pali Njobvu kapena Mkango woti apusitsidwe, ndipo Njobvuyo akakhala wosaopsa, ana omvera nthano amayamba kusinza. Chaplin anali munthu wamfupi, wocepa thupi. Akaimirira pafupi ndi Campbell, anthu anali kuyamba kuseka asanacite ciriconse, koma m'kusekamo munali kudera nkhawa kamunthuko. M'kanema wa Behind the Screen anadzipatsa maina oyenera: Chaplin anali David, Campbell anali Goliath.

Makanema a nthawi imeneyo analibe mau. Zonse zinali kunenedwa ndi nkhope, manja ndi kayendedwe, monga m'mene cilombo ca gule cimadziwikira khalidwe lake pongolowa m'bwalo. Mau akuya aja a Campbell sanamveke ngakhale kamodzi. M'malo mwake anali kumjambula nsidze zakuda zikuluzikulu zopindikira m'mwamba, nthawi zina n'kumuika cindebvu cosongoka. Mu Easy Street, wa mu 1917, iye ndi cigawenga ca m'komboni cimene cimabalalitsa apolisi ngati nkhuku. Chaplin, wapolisi watsopano, amacimenya ndi cibonga pamutu, ico osamva kanthu. Pofuna kuonetsa mphamvu cimapinda mtengo wacitsulo wa nyali ya mumseu, ndipo Chaplin amapezerapo mpata wolowetsa mutu wake m'nyalimo n'kutsegula gasi mpaka cimphonaco kukomoka. Mu The Cure iye ndi munthu wolemera wa phazi lotupa lokulungidwa nsalu, limene limapondedwa ndi kupanidwa pacitseko mobwerezabwereza. Mu The Rink cimthupi conseco cimatsetsereka pa nsapato zamawilo. Cimene anthu ambiri sazindikira n'cakuti munthu wolemera cotero sangagwe pa nthawi yeniyeni imene mnzake akufuna ngati sali katswiri. Campbell anali wopepuka miyendo, ndipo anzake a nchito anamkumbukira monga munthu wofatsa.

The Immigrant anatuluka pa 17 Juni 1917, ndipo ndi wa mphindi zosakwana 30. Cigawo coyamba ciri m'sitima ya pamadzi yodzaza amphawi opita ku America. Sitimayo ikupendekera uku ndi uku, anthu agona mbwee kudwala mseru, ndipo mbale ya msuzi ikutsetsereka pathebulo kucoka kwa wina kunka kwa mnzake, aliyense n'kumwako supuni imodzi ikamdutsa. M'sitimamo muli mtsikana, woseweredwa ndi Edna Purviance, amene ali ndi amai ake odwala. Munthu wina wa njuga amaba ndalama za amaiwo, koma Chaplin amamdyera munthuyo pa makhadi, ndipo poona mtsikanayo akulira amamlowetsera ndalamazo m'thumba mwakabisira. Mkulu wa m'sitima amamuona namuyesa wakuba. Mlendo wosauka, ngakhale akupatsa, amaoneka ngati akulanda.

Kenaka sitima ikufika ku New York. Alendo onse akuimirira kuyang'ana cifanizo cacikulu ca Statue of Liberty, cizindikiro ca ufulu, maso ali ndi ciyembekezo. Nthawi yomweyo akuluakulu oona za olowa m'dziko akubwera ndi cingwe nawakankhira pamodzi ngati ng'ombe za pa dibi, aliyense atapacikidwa cikwangwani. Chaplin akuyang'ananso cifanizo cija, kenaka akupeza mpata womenya teke mmodzi wa akuluakuluwo kumbuyo.

Nthabwala imeneyi inali ndi minga. Pakati pa 1892 ndi 1954, anthu pafupifupi 12 miliyoni analowa m'dziko la America kudzera pa cilumba ca Ellis Island ku New York, kumene anali kupimidwa matenda ndi kufunsidwa mafunso. Mu Febuluwale 1917, miyezi inai kanemayo asanatuluke, nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa lamulo lakuti mlendo wopitirira zaka 16 ayenera kuonetsa kuti amadziwa kuwerenga, ngakhale kuti Pulezidenti Woodrow Wilson analikana. Akuluakulu a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata, amene anayenda ndi citupa kunka ku Salisbury, ku Wankie kapena ku Joni, naimikidwa pamzere kuti adokotala a Wenela awapime cifuwa, sakanafunikira munthu wowamasulira za cingwe cija.

Cigawo caciwiri ndico ca Campbell. Mlendo uja tsopano ali mumseu wa mumzinda, njala yamkola, alibe kanthu. Akutola ndalama yacitsulo pansi, naiponya m'thumba, osadziwa kuti thumbalo n'lobooka. Akulowa m'nyumba yodyeramo mwa matama. Woperekera zakudya ndi Campbell, ndipo ciyambire akumbvula mlendoyo cipewa, iye n'kubvalanso, winayo n'kumbvulanso. Mlendo sadziwa kuwerenga pepala la zakudya, tsono akungosonyeza ndi manja kuti akufuna nyemba. Pathebulo lina akuona mtsikana wa m'sitima uja ali yekha, ndipo kansalu kake kopukutira misozi kali ndi mkawo wakuda m'mphepete. Palibe liu lanenedwa, koma aliyense wadziwa kuti amai aja anamwalira. Akumuitana nam'gulira mbale ya nyemba.

Ali mkati mwa kudya, munthu wina wa pathebulo loyandikana akupereka ndalama zoperewera. Campbell akuitana anzake operekera zakudya, ndipo onse pamodzi akummenya munthuyo, kumponda ndi kumponya kunja. Mlendo akufunsa colakwa, nauzidwa kuti ndalama zinaperewera ndi masenti khumi. Pamenepo akupisa m'thumba mwake, cala n'kutulukira pansi.

Kuyambira apa Campbell sacita zambiri. Amangoyenda uku ndi uku, kuima, kuyang'ana, kuika pepala la mtengo pathebulo. Komatu kanema yense akulendewera pa kuyang'anako. Munthu wina amene anatola ndalama ija panja akulowa, nadya, nalipira nayo. Woperekera zakudya akuiika m'thumba lake, ndipo lakenso n'lobooka. Ndalama ikugwa pansi, ndipo pakuyambika mpikisano wa mapazi, mlendo akufuna kuiponda, cimphona cikuponda pomwepo mosadziwa. Potsiriza mlendo akuitola naipereka monyada. Campbell akuiluma ndi mano kuti aiyese, ndipo ikupindika: inali yabodza. Mlendoyo akupulumuka kaamba ka munthu wojambula zithunzi amene wakonda nkhope za awiriwo nafuna kuwalemba nchito. Wojambulayo akufuna kuwalipirira cakudya, koma mlendo akukana mwaulemu monga acitira munthu wolemekezeka, kuyembekeza kukakamizidwa, ndipo akukana kamodzi kopitirira muyeso mpaka mnzakeyo kuleka. Pamapeto akulipira ndi ndalama zimene wojambulayo wasiyira woperekera zakudya ngati zothokoza. Campbell akulandira ndalama zake zomwe, ndipo mlendo akumsiyira kakobiri kotsala ndi dzanja la bwana.

Pali cinthu cimene cinadziwika patapita zaka zambiri, ndipo cimaonetsa mtengo wa Campbell kuposa mau alionse omtamanda. Chaplin sanali kulemba nkhani yonse asanayambe kujambula. Anali kuyesa, kujambula, kutaya, kuyesanso. Zidutswa zimene anataya zinapezeka, ndipo mu 1983 Kevin Brownlow ndi David Gill anazionetsa m'programu yochedwa Unknown Chaplin. Zidutswazo zimaonetsa kuti cigawo ca m'nyumba yodyeramo ndico cinayamba kujambulidwa, ndipo woperekera zakudya poyamba anali Henry Bergman, munthu wonenepa koma wa nkhope yokoma mtima. Anajambula naye nthawi zambiri, koma cinthu sicinali kuyenda, cifukwa palibe amene akanaopa Bergman. Chaplin anataya nchito yonseyo, naika Campbell, ndipo Bergman anapatsidwa mbali ya wojambula zithunzi uja. Za sitima ya pamadzi zinaganiziridwa pambuyo pake, pofuna kulongosola kumene mnyamata ndi mtsikana osaukawo anadziwanirana. Tsono kanema wochuka wa olowa m'dziko la eni anamera pa mbale ya nyemba ndi nkhope ya munthu wodikira ndalama.

Makanema a Chaplin anayenda mpaka kumwera kwa Africa. Kuyambira ca m'ma 1920, mmishonale wa ku America dzina lake Ray Phillips anali kuonetsa baisikopo m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg mothandizidwa ndi eni migodi, ndipo pambuyo pake migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt inayambanso kuonetsa makanema kwa anchito ake. Popeza munalibe mau, Mcewa, Mshangani ndi Msutu anali kuseka pamodzi popanda womasulira. Anthu a m'migodi ya ku Joni anampatsa Chaplin dzina lakuti Sidakwa, kaamba ka kayendedwe kake kodzandira. Dzinalo linalakwika mwini. Amene mowa unamtenga anali mnzake wamkulu thupi uja.

Caka ca 1917, cimene cinamkweza Campbell, ndico cinamgwetsanso. Pa 9 Julai, patangopita masabata atatu The Immigrant atatuluka, mkazi wake Fanny anamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima ku Santa Monica atangomaliza cakudya camadzulo. Mwana wao Una, wa zaka 16, anagundidwa ndi galimoto nabvulala kwambiri akupita kukagula cobvala ca maliro. Kumudzi munthu wogweredwa zotere amazingidwa ndi abale, ndipo akuluakulu samlola kucita cinthu cacikulu misozi isanaume. Campbell anali kutali ndi kwao. Mu Seputembala anakumana ndi mkazi wina wa masewero, Pearl Gilman, ndipo patangopita masiku asanu anakwatirana. Ukwatiwo sunathe miyezi iwiri mkaziyo asanapite kukhoti kukapempha kuti uthe. Campbell anacoka panyumba nakakhala m'cipinda ca ku Los Angeles Athletic Club, kumene Chaplin analinso kukhala.

Ku nchito zinthu zinali kuoneka bwino. Kanema wotsiriza wa Mutual, The Adventurer, anatuluka mu Okutobala, ndipo Chaplin anali kumanga malo akeake opangira makanema, Campbell ali m'gulu loti apite naye. Koma m'bandakuca wa pa 20 Disembala 1917, akucokera ku phwando ataledzera, Campbell anayendetsa galimoto mothamanga naombana ndi galimoto ina mumseu wa Wilshire Boulevard ku Los Angeles. Anafera pomwepo, asanakwanitse zaka 40. Nchito yake yonse ya makanema inatenga zaka zosakwana ziwiri.

Chaplin anapitiriza, napanga makanema akuluakulu monga The Kid mu 1921 ndi The Gold Rush mu 1925. Anasewera ndi amuna ena akuluakulu matupi, monga Mack Swain, koma cimphona conga Campbell sanacipezenso, ndipo m'makanema otsatirawo mdani wa kamunthu kaja anayamba kukhala njala, makina a m'fakitale ndi boma, m'malo mwa munthu mmodzi wa nsidze zakuda. Iye mwini, ngakhale anakhala ku America zaka pafupifupi 40, sanatenge unzika wa dzikolo. Mu Seputembala 1952, ali m'sitima ya pamadzi kunka ku London, boma la America linamlanda cilolezo cobwereranso. Anakakhala ku Switzerland, kumene anamwalira pa 25 Disembala 1977. Mu 1998 boma lomwelo la America linaika The Immigrant m'kaundula wa makanema oyenera kusungidwa monga cuma ca dziko.

Za Campbell zinatha ngati za machona ambiri amene anafera ku Joni abale osamva. Mtembo wake unatenthedwa monga acitira ena kumeneko, koma panalibe munthu wobwera kudzatenga phulusa kapena kulipira za maliro. Una anabwerera ku England. Phulusalo linasungidwa m'cipinda zaka zoposa 30, mpaka mu 1952, caka comwe Chaplin anatsekeredwa kunja, pamene linakwiriridwa ku manda a Rosedale ku Los Angeles, koma wokwirirayo sanalembe malo ake.

Kwa zaka zambiri anthu anakhulupirira kuti Campbell anabadwira ku Dunoon, tauni ya ku Scotland. Mu 1996 Kevin Macdonald anapanga kanema wa mbiri yake wochedwa Chaplin's Goliath, ndipo ku Dunoon kunaikidwa cikwangwani comkumbukira monga mwana wa kumeneko. Zolembedwa za kubadwa kwake zimachula Sale.